Belu la Utsi

Sitima inyamuka Lachisanu,
ine ndili pa benchi lapulasitiki ku Iloilo,
nambala yanga yanyowa thukuta m'manja,
fani ikungotakasa kutentha komweko.
Zaka khumi ndi zinayi ndaphikira amalinyero.
Chaka ndi chaka amandiyeza mapapo, maso, shuga, magazi,
chidindo n'kugwa, ine chikwama paphewa.
Lero chidindo chaima m'malere.

Mayi Luzviminda akankha chitseko ndi chidendene.
"Bambo Gallofin, mzere wachiwiri waoneka,
koma wotuwa, ngati tsitsi logwera mumsuzi.
Tayezanso ndi chipangizo china, icho chakana.
Mboni ziwirizi sizikugwirizana."
Ndiye ndili nako, kapena ndilibe?
"Lero pepala silikuti inde, silikuti ayi."

Malovu anauma. Ndinamva wotchi yapakhoma
ikutafuna mphindi ngati mbewa m'thumba la mpunga.

"Kukhitchini kwanu kusitima kuli belu la utsi?"
Lilipo, mayi, ndipo ndi lamwano.
Ndikapsereza adyo limakuwa,
mafuta akathetheka limakuwa,
kaputeni anatsikapo usiku wopanda nsapato
kudzapeza ndikukazinga tinsomba touma.
"Munalizula?"
Ndilizule bwanji, nanga tsiku la moto weniweni?
"Basi, chipangizo choyambachi n'chimodzimodzi.
Anachipanga chamantha dala
kuti kachilombo kasadutse monyang'ama.
Pa anthu chikwi opanda kanthu
chikhoza kukuwira awiri kapena atatu.
Thupi likangochoka pankhondo ina,
malungo, katemera, kwa amayi ngakhale pathupi,
asilikali a m'magazi amafanana nkhope,
mlonda n'kugwira wosalakwa.
Komanso ukhoza kukhala moto wongoyamba kumene,
utsi usanachuluke.
Sindikunamizani mbali iliyonse.
Masabata asanu ndi limodzi apitawa munali kuti?"

Funso limenelo ndinakwera nalo jipu.
Pakati pa mayi wa dengu la mango ndi ana asukulu
ndinawerenga masiku pa zala, kubwerera chambuyo.
Malungo a dengi aja, Ogasiti, masiku asanu pa diripi.
Ameneyo ndiye adyo wanga, ndinadziuza.
Koma zala sizinaime pomwe ndimafuna.
Zinapitirira mpaka padoko la Santos,
usiku umodzi wa mvula, chipinda cha nsalu zofiira,
dzina lomwe sindinafunse.
Miyezi inayi. Akuti pofika pamenepo
mzere ukanakhala utada kale.
Akuti nthawi zambiri.
Mawu awiriwo ndawatembenuza ngati nsomba pachiwaya,
sakupsa.

Magazi anga akwera ndege kupita ku Manila
m'kabokosi ka ayezi, ine ndatsala.
Kumeneko sakafunsanso asilikali,
akasaka kachilombo mwini wake.
Masabata awiri, ndikaperekenso mkono.

Lachisanu linafika, sitima inapita ndi wophika wina,
mnyamata wa ku Roxas wothira mchere ngati akukwirira maliro.
Erlinda ndinamuuza kuti ndi shuga.
Lolemba ndinati makina awo afa.
Lachitatu anandipeza ndaima pachitofu,
adyo wasanduka makala, utsi thoo m'nyumba monse,
ndipo muno mulibe belu loti n'kukuwa m'malo mwanga.

Ndinayala pepala patebulo, pambali pa botolo la viniga.
Ndinafotokoza za mzere wotuwa, za mboni ziwiri,
za anthu chikwi, za dengi.
Anamvetsera, manja m'chuuno.
"Zonsezo ndamva, Dionisio.
Nanga chimene sichinalembedwe papepalapa?"
Ndinanena. Santos, mvula, nsalu zofiira.

Anatsegula mawindo onse, limodzi limodzi.
Anapala chiwaya nthawi yaitali kuposa mmene chinapserera.
Kunja tambala wa a Jalandoni analira masana.

"Tsiku lako ndi liti?"
Lachiwiri likubwerali, eyiti koloko.
"Ukatenge manambala awiri.
Koma usakakhale pafupi nane pabenchi."

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi.
Chikwama sindinamasule.
Usiku ndimadzuka, kununkhiza mumdima.