Khutu la Arvo

Lachiwiri lililonse Arvo amavala jekete lake lolemera,
kukankha chipale chofewa pakhomo ndi fosholo,
n'kulunjika ku banki ya ku Calumet.
Darlene wa pawindo analeka kufunsa.
Amangomukankhira mabokosi awiri a makobiri,
nsidze zili m'mwamba,
ngati akupereka mankhwala kwa munthu wosafuna kuchira.

Kukada, tebulo la m'khitchini si langanso.
Amayala nyuzipepala, kuyatsa nyale yopinda khosi,
n'kumang'amba timipukutu tamapepala.
Makobiri amakhuthuka waa! ngati nyemba zouma.
Obadwa 1982 isanafike, kumanja: mkuwa weniweni.
Obadwa pambuyo pake, kumanzere:
zinki wovala malaya obwereka.
"Taona, Irja," amatero, akukanda limodzi ndi mpeni,
"kunja psuu, m'kati mbuu.
Ndimadziwa anthu angapo otere."

Ovuta ndi a 1982 enieniwo,
chaka chimene osula ndalama anasintha maganizo pakati pa njira.
Nkhope imodzi, mitima iwiri.
Kasikelo anagula, koma sakakhulupirira.
Amaponya kobiri pa kachidutswa ka nsangalabwi, n'kutchera khutu.
Mkuwa umati ngwiii,
belu la tchalitchi cha kutsidya.
Zinki amati thu. Basi.

Bambo ake anatsikira mu mgodi zaka makumi atatu.
Anatulukamo ndi zala zisanu ndi zinayi
ndi chifuwa cholira ngati chitseko.
Mgodiwo anautseka, lero ndi chitsime chopanda womwa.
"Mkuwa wathu unachoka kuno pa sitima," amatero Arvo,
"ine ndikuubweza kwawo wapansi."

M'chipinda chapansi muli ndowa za penti makumi awiri ndi zitatu.
Ukayesa kunyamula imodzi, msana umakutukwana.
Lamulo likuti osasungunula,
ndiye Arvo akudikira kuti lamulolo likalambe.
Akuti tsiku limenelo kobiri lililonse lidzabala mapasa.
Ine ndinawerengera kuseri kwa bilu ya magetsi:
theka la denga latsopano,
mwina ndi matayala awiri.
Sindinamuuze.

Dzinja lathali makutu ake anayamba kutseka zitseko.
Zinayamba kusowa ndi mbalame,
kenako ketulo,
kenako dzina lake ndikamuitana kuchokera pa masitepe.
Usiku wina ndinamupeza akuponya kobiri limodzi kasanu,
mutu wapendeka,
mlomo ukunjenjemera pang'ono.
Atandiona ananamizira kuti lamupulumuka.
Ndinakoka mpando.

Tsopano khutu lake ndine.
Iye amaponya, ine ndimagamula mlandu.
Ine amene ndinkati awa ndi matenda,
ndinkauza mchemwali wanga pa foni kuti ndinakwatiwa ndi gologolo,
lero ndimazimitsa wailesi ndekha,
ndimadana ndi firiji ikayamba kung'ung'udza.
Zala zathu zada mofanana.
Fungo lake sopo amalilephera,
timapita nalo kukagona.

Dzulo bokosi linali louma.
Wina wake, ku tauni ina, pa tebulo lina,
anali atasankhamo kale n'kutibwezera madeya.
Kumanzere phiri, kumanja timakobiri tisanu ndi tiwiri.
Mapewa a Arvo anatsika.
Anatola lomaliza, la 1982, lothimbirira m'mphepete,
naliponya, maso ali pakamwa panga.

Linati thu.

"Mkuwa," ndinatero.

Analipukuta pa malaya,
kuliyang'ana pa nyale ngati mdzukulu,
n'kuliika kumanja.

M'mawa uno, iye akadali m'bulangete,
ndinatsika kuti ndikalichotse.
Ndinatsegula ndowa ya makumi awiri ndi zitatu.
Mitu zikwizikwi, yonse kuyang'ana kumodzi,
palibe wofuna kuulula mnzake.
Ndinapisa dzanja mpaka m'mkono.
Kuzizira kwake kunali kwa pansi pa nthaka,
kumene apongozi anga ankadyera mkate wawo mumdima.

Ndinatseka ndowa.
Likhale momwemo bodza langalo,
lofiira kunja ngati anzake.
Pamwamba ketulo inali italira kale,
ndipo woimva m'nyumba muno ndine ndekha.