Julaye wa Inki

Kuno ku Duluth ndi Febuluwale,
chipale chakwirira galimoto yanga mpaka m'magalasi,
koma patebulo panga ndi Julaye.
Ndikujambula thukuta ndi zala zouma ndi chisanu.
Ndikujambula udzudzu, umodziumodzi,
timadontho ta inki pakhosi pa Marisela.

Atsikana anga alipo anayi, a m'kanyumba ka kumapeto kwa msasa,
ka mabedi osanjikizana, konunkha masokosi ndi utomoni wa paini.
Marisela, wotafuna chingwe cha tochi.
Thuy, amene amawerenga mapu chozondotsa n'kumafikabe.
Mapasa a kwa Lindqvist, omwe sindinawajambulepo atatseka pakamwa.
Makolo anawatula pageti ndi zikwama zolembedwa maina
n'kubwerera kutauni, osadziwa
kuti m'kanyanja ka kuseri kwa mitengo muli chinthu.

Mkonzi wanga waimba kawiri lero.
Akuti bukuli n'la aliyense, wamng'ono ndi wamkulu yemwe,
choncho magazi asaoneke, munthu asafe,
chilombocho chiopse, koma pang'ono.
Ndavomera. Ndachizula mano onse.
Ndachisiyira maso asanu ndi atatu
ndi chizolowezi choba makalata
amene ana amalembera kwawo n'kuchita manyazi kutumiza.
Chimawawerenga pansi pa madzi, zilembo zikusungunuka,
chili duu.

Tsamba limodzi landikanika chiyambire Lolemba.
Bokosi loyamba: bwato, usiku, nkhafi imodzi yatayika.
Lachiwiri: madzi atupa ngati msana wa munthu wogona.
Lachitatu ndafufuta mpaka pepala labooka.

Ndikumudziwa amene akusowa m'bwatomo.

Tinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.
Solveig ankagona pamwamba panga,
phazi lake lili lende pamphumi panga usiku wonse.
Tsiku la alendo mayi ake sanabwere.
Anakhala pathabwa la padoko mpaka mdima, atavala malaya osita,
ndipo pakati pa usiku anandigwedeza:
"Berit, ndachiona. Sichinanene kanthu.
Chinangokhala nane."
M'mawa, pa chakudya, ndinaulula tebulo lonse likumva.
Anaseka mpaka mkaka kutulukira m'mphuno.
Ine ndinaseka kuposa onse.
Iye anasamukira pabedi la kukhomo.
Tchuthi chitatha anakwera basi ina,
ndipo dzina lake ndakhala ndikulilambalala ngati chithaphwi.

Pakati pa bokosi ndi bokosi pamakhala kampata koyera,
kochepa ngati chikhadabo.
Owerenga amangokalumpha.
Koma m'menemo ndi momwe nkhafi imagwera,
momwe mwana amamezera misozi.
Zaka makumi atatu zimakwanamo, malo n'kutsalako.

Sabata yatha kunabwera kalata yochokera ku Nebraska,
ya zilembo zopendekeka, ya Imogen wa zaka zisanu ndi ziwiri:
"Bedi lachisanu n'la ndani?
Bwanji limakhala loyalidwa nthawi zonse?"
Sindinkadziwa kuti ndimalijambula.
Ndinavundukula mabuku onse asanu ndi limodzi, nditakhala pansi.
Lilimo. Pafupi ndi khomo,
bulangete lopindidwa bwinobwino,
ngakhale pa tsamba lija denga linauluka.

Ndiye lero ndatenga pepala latsopano.
Bokosi lachitatu: padoko, mtsikana wa malaya osita,
miyendo ili m'madzi.
Maso asanu ndi atatu ayandama pambali pake, ali phee.
Lachinayi: Thuy akubwera pathabwapo wopanda nsapato,
mapu wawasiya m'thumba.
Pamwamba pa mutu wake ndazunguliza kamtambo ka mawu.
Ndalembamo ndi pensulo, ndafufuta,
ndawiritsa khofi, ndamuiwala,
ndalembanso:
"Nanenso ndachiona. Tasendera."

Mumsewu mukudutsa chigalimoto chokokolola chipale,
nyali yake ikuphethira padenga langa.
Inki sinaume.
Ndaweramira pepalalo, ndikuliuzira pang'onopang'ono,
kuopa kuti madzi angagwedezeke
chinthucho n'kumira.