Madzulo ku Mufakose

Magetsi anathima mbandakucha.
Atate ayanika mabatire padenga
ngati makaka,
kuti madzulo wailesi ya boma isawakane.

Tsiku lonse imalankhula Chishona,
kenaka Chindebele,
iwo phee, akusoka nsapato za eni.
Koma ikangoti "Achimwene, mwaswera bwanji?"
zingano pansi.
Waya wa hang'ala
aulozetsa cha kumpoto,
ati Dedza ili uko.

Woulutsa mawu ndi mwana wa konkuno,
Chichewa chake n'chothira mchere wa ku Mbare.
Atate amamukonza mokalipa:
"Si mvura, iwe, ndi mvula!"
Mtsikanayo samva, angopitiriza.

Mauthenga a maliro akayamba amatipirikitsa.
Dzulo ndinasuzumira pazenera:
akupinda zala,
kuwerenga anzawo amene anakwera nawo lole
chaka chija.
Chala chosapinda chinatsala chimodzi.