Mpweya Umodzi

Ku Oulu mdima wagwa fili koloko isanakwane.
Njinga ya Tuulikki yakwiririka m'chipale chofewa,
khofi wazizira m'kapu,
ndipo makina atsamwanso.
Kachitatu mwezi uno.
Memole ikutha ngati mchere wa m'nyumba ya anthu ambiri,
wotapa osaoneka.

Mu kenelo muli kanambala kamodzi
kowerenga amene agwirizira tsamba.
Mapulosesa asanu ndi atatu amakasuzumira,
onse aphuma, palibe woodira mnzake.

Wina anaona: awiri.
Mnzake, m'kuphethira komweko, anaona: awiri.
Uyu anachotsapo mmodzi, nalemba: mmodzi.
Uyonso chimodzimodzi.
Palibe ananama.
Koma tsamba latsala chiimire,
kudikira mwini wake amene anachoka kalekale.

Veikko wavala kale chipewa.
Akuti, "Ikapo loko, tizipita."
Tuulikki akupukusa mutu.
Pakhomo limeneli amadutsapo kamiliyoni pa sekondi,
ukalikhoma, mzere ukafika kudoko.

Akufufuta mizere itatu, akulemba umodzi:
kuona, kuchotsa, kulemba,
zonse mu mpweya umodzi,
pasakhale mpata ngakhale wolowa tsitsi.

Wayatsa mayeso. Wakhala chete.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma nkhono iyi imasuzumira kamodzi pa sabata,
ndipo kusatuluka kwake usiku uno
si umboni woti yafa.

Panja loko wa njinga wauma gwa ndi chisanu.
Akuvula golovesi, akuwerama,
akumuuzira pang'onopang'ono,
kiyi ali pakati pa mano.