Lachinayi pa Benchi Yanga

Lachinayi lililonse ikakwana seveni
nkhope yake imatulukira pa mawailesi a kanema asanu
amene eni ake sanabwere kudzawombola.
Pa imodzi ndi wobiriwira ngati papaya losapsa,
pa ina mphumi yake imangokwera kudenga n'kubwereranso,
pa ya mayi Nyaluhanga alibe mawu,
amangotafuna mpweya ngati mlamba pamtunda.

Dokotala Ostrander. Kuno ku Chibavi timati a Wositanda.
Anabadwira kutali, kozizira kuposa Mzuzu wa mu June,
koma Chichewa chake n'chosita bwino,
ngakhale mwambi amauika pamalo pake.

Lero akuti:
"Asilikali athu a ku Burma,"
athu, tamvani,
"sanapite kukamenyera ufulu wa wina aliyense.
Ankathawa msonkho. Anatsata nsapato ndi bulangeti.
Ambiri ankangosenza mabokosi."
Wakonza tayi. Wamwa madzi.
Mafoni a mu situdiyo akulira ngati achule a ku dambo,
wina akumutukwana, wina akuti nenani bwana,
ine mtovu wotentha wandidonthera pa bondo.

M'chitini cha masikuluwu pansi pa benchi
muli mendulo ya agogo anga, Yesaya Chipofya.
Kansalu kake njenjete zinamaliza kalekale.
Anabwera nayo pamodzi ndi chifuwa chosapola
ndi khutu lakumanzere limene linatsalira komweko.
Ndinkagona nawo chipinda chimodzi ku Ekwendeni.
Mvula ikamenya malata pakati pa usiku
munthu wa imvi ankakwawira kunsi kwa kama
n'kumanong'ona, Jailosi, Jailosi, tsitsa mutu.
Kwathu kulibe Jailosi.
Ndinafunsa mudzi wonse.

Chondiwawa n'chakuti a Wositanda sakunama zonse.
Agogo ananena okha, tikusenda chinangwa:
"Ndinapitira nsapato, mwana iwe.
Ndinali ndisanavalepo."
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
Koma nsapatozo zinalowa m'matope ofika m'chiuno,
misundu inazipeza njira,
ndipo wina anagwa pambali pawo atavala zofanana nazo.
Pamenepo a dokotala amatembenuza tsamba.

Chaka chatha, m'mawa wa nkhungu,
wa kabaza anamutsitsa pakhomo panga penipeni.
Ndi wamfupi. Manja ake amanjenjemera.
Anafukata wailesi yathabwa ngati mwana wodwala.
"Monire," anatero. "Inali ya bambo anga.
Ankamvera m'chipinda chapansi ndege zikamadutsa."
Ndinali ndi mawu a miyezi isanu ndi itatu kukhosi,
onola, okonzeka,
koma amene anatuluka ndi awa:
Bambo anuwo anali mbali iti?

Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali,
kumene amayi a nthochi ankafunda zitenje kumutu.
"Sanandiuzepo," anatero.
"Ndinangopeza yunifolomu m'sutikesi atamwalira.
Ndinaitseka."

Ndinamulembera lisiti.
Mkati mwa wailesiyo ndinapeza mazira a mphemvu
ndi kagalasi kopserera kamene sikapezeka
ngakhale kwa amwenye, ngakhale ku Taifa.
Ndinamuimbira kawiri. Sanabwere.
Ili pa shelefu, pakati pa nkhope zake zisanu,
ndiyo yokha imene sitsutsana ndi munthu.

Tsopano wakweza chala, akuti, "Mbiri siyendera misozi,
imayendera zikalata, ndipo zikalata zikuti..."

Magetsi azima.

Nkhope zisanu zafota kukhala timadontho, zatha.
Kunja kukuwaza kamvula kathu kosanyowetsa msanga.
Chakutali, cha ku Moyale, galimoto ya asilikali ikukwera mtunda.
Ndapisa dzanja m'chitini kufuna sikuluwu yaing'ono
yotsekera wailesi ya mayi Nyaluhanga,
ndipo mumdima zala zagwira chozungulira, chozizira,
cha nkhope ya mfumu imene agogo sanaionepo.
Ndachikankhira pambali.
Sikuluwu ili pansi pake.