Mphindi Zitatu ku Lincoln

Tinanyamuka ku Lexington kudakali mdima,
chipale chofewa chikuwaza pagalasi la basi,
Ofelia Quiñónez atafungatira pepala lake
ngati khanda lotentha thupi.

M'nyumba ya malamulo anatikhazika kumbuyo.
Oimira makampani a nyama analankhula kaye,
nsapato zawo zili waliwali.
Dzuwa linapendeka ife tikungomeza malovu.

Kenaka kanyale kobiriwira kanayaka.
"Tchulani dzina lanu, chilembo chimodzichimodzi."
Theka la mphindi linathera pomwepo.

Pepala lija sanaliwerenge.
Anangoyala manja patebulo,
zala zokhota ngati mbedza zopachikira ng'ombe,
zaka khumi ndi zinayi za mpeni ndi chisanu.
Anati: kwathu kuja lamba wa makina saima.
Ukapempha kukataya madzi, kapitawo amaloza wotchi.
Anati: Nyakong, woima pambali panga,
anadzinyowetsera ali chiimire, ali ndi pakati,
ife tonse maso panyama
kuti tisamuone.

Phungu wina anasiya kukanda foni.
Wa tayi yamizeremizere anapitiriza.

Kanyale kachikasu. Kofiira.
"Zikomo, mayi. Alipo ali ndi funso?"
Chete.

Biluyo akuti igona m'komiti
mpaka chaka chamawa, mwina kupitirira.

Pobwerera tinagawana buledi wouma.
Ofelia anavula nsapato, natembenukira kumpando wakumbuyo:
"Nyakong, ulendo winawo ndiwe.
Yambiratu kuyeserera dzina lako,
uzilitchula msanga.
Mphindi zawozi n'zoperewera."