Nkhope Zapansalu

Ku Mayfair, kuseri kwa golosale ya pakona,
makina anga akhala akutafuna nkhope sabata yonse.
Oda ndi ya mbendera mazana atatu:
mtsogoleri wa chipani ichi akumwetulira,
wa chipani icho wakunga chibakera,
mayi wa chipani chachitatu magalasi ali pamphuno.
Onse amadutsa pansi pa singano imodzi
ndipo palibe amene amati mayo.

Chisanu cha Joni chimakwawira pansi pa chitseko.
Dzuwa likapendeka anyamata amabwera
kudzaothera simbi yanga yositira.
Ajibu, wotsuka magalimoto ku Fordsburg,
akuti wachibakerayo ndiye mwamuna,
akalankhula ngati bingu la Disembala pamwamba pa Hillbrow.
Lonjezo akuseka mpaka kutsamwa ndi chipisi:
“Bingu limenelo linathirirapo munda wa yani?”
“Usandiyankhule ngati unapita kusukulu wekha.”
“Ndinapitadi. Satifiketi yanga ikulondera geti ku Sandton.”

Mai Nachisale, oluka tsitsi khomo linalo,
asuzumira chipeso chili m’manja:
“Wanzeru ndi mayiyo, musavutike.
Koma mwaziona nsapato zake?
Imodzi yokha, yakumanzere,
ndi lendi yanga ya miyezi isanu.”

Kenako walowa Mthunzi woyendetsa tekisi,
kudzatenga buluku lomwe ndinapinda dzana.
M’chipinda monse muno
ndi iye yekha amene chala chake chidzadetsedwa ndi inki.
Amuzungulira ngati opala moto kwa mnansi,
uyu akumukoka mkono, uyo akumulozera nsalu.
Iye akungoyesa buluku m’chiuno.
“Magetsi akazima amatizimira tonse,” akutero,
“koma kunyumba kwa atatuwa
jenereta imadzuka usanaphethire.”

Mkangano wafika poti malovu akugwera pansalu.
Wina akuti womwetulirayo wakalamba,
wina akuti ukalamba si mlandu, mlandu ndi matumba akuya.
Wina wakumbutsa za kwathu,
za feteleza, za mzere wa petulo pa Balaka,
mayina a kuno ndi a kumudzi asakanikirana
ngati ulusi m’kabati yanga.

Wailesi ya pashelefu yatsokomola.
Msonkhano wa kusitediyamu, khamu likuwomba m’manja,
ndipo mawu abingu aja akuti:
tikangolowa m’boma,
alendo onse opanda mapepala amange katundu.

Zii.

Simbi yokha ikupuma nthunzi.
Ajibu akuyang’ana zala zake zosweka ndi sopo.
“Sakunena ife,” akutero pansipansi,
“akunena ena.”
Palibe womufunsa kuti enawo ndi ati.
Panja yadutsa veni ya nyali zabuluu, pang’onopang’ono,
ndipo dzanja la aliyense lapita pathumba la pamtima,
la Mthunzi lokha lili pa zipi ya buluku.

Walipira, watsala ndi ma randi khumi.
Pakhomo watembenuka ngati ali ndi mawu,
koma wangoti, “Mwasoka bwino, baba.”

Atabalalika ndabwerera pampando.
Oda ndi oda, Lachisanu mwini wake akubwera.
Ndapinda m’mphepete mwa chibakera,
singano yalowa pakamwa, yatulukira patsaya.
Chiphaso changa chovotera chili ku Ntcheu,
m’buku la nyimbo la mkazi wanga,
chikudikira chisankho china chomwe chidzandipezenso kuno.

Zidutswa zotsala sinditaya.
Khutu la uyu, theka la kumwetulira kwa uyo,
galasi limodzi la mayi uja,
ndi zilembo zoduka: NTCHI, UFU, MAW,
ndimazifutukira m’thumba la pilo.
Usiku ndimatsamira atsogoleri atatu nthawi imodzi.
Ndi ofewa, sindinganame.
Kungoti m’mawa uliwonse
khosi limakana kutembenuka.